Nsapato Zitsale Panja: Mlendo pa Malo Opatulika a Eni Ake

Ku India, m'cigawo ca Kerala, kuli phiri la Sabarimala. Pamwamba pake, m'kati mwa nkhalango ya Periyar momwe mukadali njovu ndi akambuku, pali kacisi wakale wa Ahindu, wa mulungu wawo Ayyappan. Munthu sangodzuka n'kupitako. Amayamba wadzisunga masiku 41: osadya nyama, osamwa mowa, osalowa m'nyumba ndi mkazi, kuvala zakuda, kuyenda wopanda nsapato. Akafika amakwera makwerero 18 atasenza kamtolo ka nsembe pamutu. Kuyambira Novembala mpaka Januwale kumakhamukira anthu miyandamiyanda, ndipo ambiri amayamba aima pa mzikiti wa ku Erumeli kulemekeza Vavar, Msilamu amene amati anali bwenzi la Ayyappan.

Funso langa ndi ili: ine amene sindipembedza Ayyappan, nditafika pamenepo, kodi malamulo awo akundimanga?

Funsoli si la ku India kokha. Kum'mwera kwa dziko lathu, ku Salamanga, kuli kacisi wa Ahindu womangidwa mu 1908, ndipo wolowamo amavula nsapato. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, ya Mbona, kumene nkhwangwa siloledwa. Ku Dzalanyama, m'malire a Malawi ndi Tete, kuli Msinja, kwawo kwa Makewana. Ngakhale pamudzi panu pali manda ndi dambwe, kumene simungolowa ngati kumsika.

Pa wailesi ndimaceza ndi Asilamu, Akhristu ndi osunga za makolo, ndipo yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti: «Ndikavula nsapato ndiye kuti ndagwadira mulungu wacilendo.» Ine ndikukana. Mkamwini akafika kwa apongozi amakhala pansi, savala cipewa, salankhula mokweza. Kodi pamenepo wapembedza apongozi? Ayi, wangovomera kuti pakhomo pali eni. Kupembedza kumacokera mumtima, ulemu umaonekera m'thupi. Ngati cikumbumtima cikukuletsani, imani panja. Ufulu umenewo muli nawo. Cimene mulibe ndi ufulu wolowa n'kuswa mwambo uku mukujambula ndi foni. Akuluakulu anati mlendo ndi mame: dzuwa likakwera wapita, koma eni ake amatsala ndi zimene waononga.

Komabe akuluakulu omwewo anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nanga lamulo la pamalopo likakhala lopweteka anthu? Ku Sabarimala akazi a zaka 10 mpaka 50 ankaletsedwa kulowa. Mu Seputembala 2018 khoti lalikulu la India linagamula kuti ciletsoco n'cosemphana ndi malamulo a dziko. Kunabuka zionetsero, ndipo ena mwa otsutsa cigamuloco anali akazi omwe. Mu Januwale 2019 akazi awiri analowa moperekezedwa ndi apolisi.

Taonani bwino: amene anakangana pa nkhaniyi anali ana a dziko lomwelo, ndipo ndi iwo amene anasenza zotsatira zake. Apa ndi pamene ndimasiyanitsa. Mlendo angathe kufunsa, angathe kunena poyera kuti sakugwirizana nazo, angathe kuimira kumbuyo wolira akamupempha. Koma kumeta ndi kalumo kaja mutu wa munthu amene sanakuitaneni, n'kumuceka. Ifenso kuno tikamakambirana za masiku a cinamwali ndi sukulu ya atsikana, mawu amene amasintha zinthu ndi a amayi, anamkungwi ndi mafumu a pamudzipo, osati a munthu wodutsa pa galimoto.

Pali cinanso cimene ngakhale wosakhulupirira ayenera kuciona. Yendani mseu wa Lichinga kupita ku Mandimba, muwerenge matumba a makala m'mbali mwa mseu. Kenako yang'anani pamene patsala mitengo ikuluikulu pafupi ndi midzi. Kawirikawiri ndi pamanda. Cimene cinaisunga si mlonda wa boma, koma mawu akuti «pano sitidula». Amene amaseka mawuwa nayenso amatunga madzi pa kasupe wocokera m'nkhalango zoterezi.

Phiri limodzi lingathe kusenza mapemphero a anthu osiyana. Pa phiri la Bunda, pafupi ndi Lilongwe, makolo ankapemphapo mvula. Lero Akhristu amagonapo akupemphera. Vuto limayamba wobwera pambuyo akafuna kufafaniza mapazi a woyamba.

Conco yankho langa n'lakuti inde, malamulo a pakhomo akundimanga pa nthawi yonse imene phazi langa lili m'kati. Sakumanga cikhulupiriro canga, ndipo sakutseka pakamwa panga. Ife a m'malire timadziwa kuti kuwoloka kokha kumakusandutsa mlendo: lero muli kwanu, mawa muli kwa eni. Ulemu umene mukaupereke pa kacisi wa ena ndi womwewo mudzaufune tsiku limene mlendo adzaime ndi nsapato zake pa manda a amayi anu.