Mawu Omalizira Pamlandu: Kodi Ali Luso la Pakamwa Chabe?

MBONI yomalizira itakhala pansi, mlandu umakhala usanathebe. Woweruza asanapereke chigamulo, mbali iliyonse imapatsidwa mpata wa kulankhula komaliza. Ena amaona zimenezi monga mpikisano wa maloya odziŵa kukometsera mawu. Kodi lingaliro limenelo nlolondola? Ngati umboni wonse wamvedwa kale, kodi mawu ena ngofunikiranji?

Dengu Lifika Pasikelo

Talingalirani za minda ya tiyi ya kummaŵa kwa Zimbabwe, ya Tanganda ku Chipinge ndi ya Eastern Highlands Plantations ku Honde Valley, kumene anthu ambiri ochokera ku Malawi ndi Mozambique anapezako ntchito. Wothyola tiyi pofika pasikelo sangawonjezere tsamba limene sanathyole. Chimene angachite ndicho kuonetsetsa kuti zonse za m'dengu lake zapimidwa. Mawu omalizira ali otero. Iwo sali umboni watsopano ayi, koma amasonkhanitsa umboni umene unamwazikana m'masiku ambiri ndi kusonyeza kulemera kwake.

Lamulo la Zimbabwe la kazengedwe ka milandu ya upandu, pachigawo 200, limalola woimira boma kuyamba kulankhula, ndiyeno woimbidwa mlandu kapena loya wake amayankha. Dongosolo limeneli lili ndi tanthauzo: munthu amene ufulu wake uli pangozi amayamba wamva zonse zomneneza asanayankhe.

Pamene Palibe Loya

Tayerekezerani kuti wantchito wa pamunda waima pamaso pa majisitireti ku Chipinge, akumaimbidwa mlandu wa kuba feteleza. Iye alibe ndalama za loya. Mlonda wina ananena kuti anamuona madzulo, wina anati mbandakucha. Kodi ndani adzakumbutsa khoti za kusiyana kumeneko? Kaŵirikaŵiri ali iye mwini, m'mphindi zoŵerengeka zimenezo. Chotero majisitireti ali ndi thayo la kumfotokozera kuti mpatawo ngwake. Ndiponso, malamulo aakulu a dzikolo a 2013 amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wa kumasuliridwa m'chinenero chimene amamva, ndipo Chichewa ndi Chindau zili pakati pa zinenero 16 zovomerezedwa.

Mpata umodzimodziwo umagwiranso ntchito m'milandu yaikulu. Ku Lilongwe mu December 2019, pambuyo pa miyezi ingapo ya umboni, maloya a Saulos Chilima, Lazarus Chakwera, Peter Mutharika ndi a bungwe la chisankho anapereka mawu awo omalizira, anthu ambiri akumvetsera pawailesi. Pa February 3, 2020, oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 21, 2019. Komabe, chigamulocho chinazikidwa pa zimene zinasonyezedwa kale, monga mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Mawuwo anangoloza ku umboni umene unalipo.

Thayo la Wolankhula ndi la Womva

Koma kodi nkoyenera kuti munthu alankhulire mbali imodzi yokha? Inde, malinga ngati sapotoza zimene mboni zinanena, pakuti mbali inayo nayonso ili ndi woilankhulira. Wonyoŵetsa masamba kuti dengu lilemere amabera sikelo, ndipo loya woika mawu m'kamwa mwa mboni amachitanso chimodzimodzi.

Thayo lolemera koposa, komabe, lili pa womvetsera. Woweruza amene wagamula kale mumtima mwake amasandutsa mpatawo kukhala mwambo wachabe. Zimenezi nzoona kwa mfumu pabwalo, kapitawo pamunda, ndi kholo panyumba. Kuleza mtima kufikira wonenezedwayo atamaliza kulankhula kumasonyeza kuti womvayo akuvomereza kuti angakhale ataphonya kanthu kena. Ndipo aliyense wofulumira kudula mnzake mawu angachite bwino kukumbukira mwambi wa makolo wakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.