Chuma cha Eni, Mawu a Kapitawo

Mu 1989 Édouard Carmignac anayambitsa ku Paris kampani yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu. Atatchuka, ankalemba makalata m'nyuzipepala odzudzula ngakhale atsogoleri a dziko.

Nafenso tili nawo akapitawo otere. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, kalaliki wa ku Manja wogwira ntchito ku Limbe amadulidwa malipiro mwezi ndi mwezi, ndalamazo n'kupita kwa anthu amene sanawaonepo.

Kodi mawu a akapitawowa amalemera chifukwa chiyani? Amalemera ndi thukuta la kalalikiyo. Tsono ulemu wawo ngwobwereka, ndipo chobwereka chimafuna kudzichepetsa. Ifenso eni chuma tisachite manyazi kufunsa kumene ndalama zathu zagona ndi ntchito imene zikugwira. Tikakhala chete lero, ukalamba wathu tidzaudyera chiyani?