Kodi Mwana Akamasewera Ndiye Kuti Sakuphunzira?

M'maparishi ambiri muli sukulu za mmera mpoyamba, zimene ena amazitcha za mkombaphala. Zina zimakumana m'holo ya parishi, zina m'kachisakasa pafupi ndi tchalitchi cha nthambi, zina pansi pa mtengo wa mango. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pamisonkhano ya makolo ndi lakuti ana amangosewera. Mwana amachoka m'mawa atasamba, amabwera masana zovala zili mbuu, ndipo akafunsidwa chimene waphunzira amayankha kuti amaumba ng'ombe. Kholo limene lasonkha chimanga cha phala ndi kandalama ka pamwezi limafuna kumva mwana akutchula masiku a pamlungu m'Chingerezi, kuti lidziwe kuti silinataye chuma chake.

Kholo lotere si lopusa. Likudziwa kuti mwana akakwana zaka 6 akalowa Sitandade 1 m'kalasi lodzaza, mmene mphunzitsi sangathe kuyang'ana kope la aliyense. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi oyambirira ndiwo amasefukira kwambiri. Kufuna kuti mwana akafike kumeneko ali patsogolo ndi chikondi ndithu. Funso ndi lakuti kukhala patsogolo kwa mwana wa zaka zinayi n'kutani.

Mwana akhoza kuloweza manambala kuyambira 1 mpaka 20 ngati nyimbo, koma akapatsidwa miyala isanu ndi iwiri kuti agawane ndi mnzake amasowa pogwira. Mtsikana amene amasewera phada amadziwa miyala imene yatuluka m'dzenje ndi imene yatsala, ndipo diso ndi dzanja lake zimaphunzira kugwirira ntchito limodzi, zomwe zidzafunike tsiku logwira pensulo. Woumba ng'ombe zadongo akulimbitsa zala zomwezo. Pa masanje ana amagawana maudindo, amakangana za amene akhale mayi, amagwirizana, ndipo poteropo amalankhula mawu ambiri kuposa amene angabwereze pamaso pa bolodi. Pa chipako ndi pa fulaye mwana amaphunzira chinthu chimene akuluakulu ena chimawavutabe mpaka imvi: kudikira nthawi yake, ndi kuvomera kuti wagonja popanda kuswa masewero.

Maganizo amenewa si achilendo. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene mu 1840 anapatsa sukulu yake ya ana aang'ono dzina lotanthauza munda wa ana, ankaona mwana ngati mbewu yofunika kuisamalira, osati thumba lothiramo zinthu. Maria Montessori anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana mu 1907 m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome, ndipo ana ankaphunzira pogwiragwira zinthu ndi manja awo. Don Bosco, amene anamwalira mu 1888, ankasonkhanitsa anyamata ovutika a mumzinda wa Turin pabwalo la masewero, ndipo iye mwini ankathamanga nawo. Iye ankawadziwira pabwalopo anyamata ake, amene ali wamantha, amene ali waukali, ndi amene wagona ndi njala.

Komabe kuteteza masewero pongonena kuti amathandiza mwana kudzakhoza mayeso n'kuwachepetsa. Kuteroko n'kuvomereza kuti ubwana ulibe phindu pawokha, kuti mwana ndi wantchito wa mawa amene lero akungokonzedwa. Mneneri Zekariya, pofotokoza mmene Yerusalemu adzaonekere Mulungu akadzamubwezera mtendere, pamutu 8 akutchula okalamba okhala pansi m'mabwalo ndiponso anyamata ndi atsikana akusewera m'misewu. Sakunena kuti anawo akukonzekera kanthu. Kusewera kwawoko ndiko chizindikiro chakuti mzinda wachira. Nawo mgwirizano wa mayiko wokhudza ufulu wa ana, wa mu 1989, m'ndime 31 umaika kupuma ndi kusewera pakati pa maufulu a mwana, pambali pa ufulu wa maphunziro.

Pali chovuta chimodzi chimene okonda kulankhula za masewero amachilumpha. Kuphunzitsa kudzera m'masewero ndi ntchito yolemera kuposa kuloweza. Mlezi mmodzi amene ali ndi ana makumi angapo angathe kuwakhazika pamphasa n'kuwaimbitsa zilembo mpaka phala litapsa. Kuti awagawe m'timagulu, ena pamchenga, ena pa zitsekerero za mabotolo, ena pa nthano, n'kumayendera gulu lililonse akufunsa kuti ng'ombe iyi ili ndi miyendo ingati, pamafunika maso ambiri ndi maphunziro. Kungowasiya ana pabwalo mlezi ali pa foni si njira imene ikunenedwa pano, ndipo kholo lodandaula ndi zimenezo likunena zoona. Alezi ambiri m'sukulu zimenezi ndi ongodzipereka. Amasiya minda yawo nthawi ya dzinja, ndipo ena amatha mwezi osalandira ngakhale ya sopo. Si chilungamo kumuuza munthu wotere kuti asinthe kaphunzitsidwe, pamene amene akumuuzayo sanapondepo pasukulupo.

Zidole zogula m'sitolo si zimene zikusowa. Dongo lilipo kudambo, zitsononkho zimatayidwa pokolola, ndipo telala aliyense ali ndi tinsalu totsala. M'mphakati uliwonse muli agogo odziwa nthano ndi zilapi, amene m'mawa amakhala pakhonde okha. Mphakati umene umatha kugawana masiku osesa m'tchalitchi ungathenso kugawana masiku opita kukathandiza mlezi, wina Lolemba, wina Lachitatu, ndi kuika nkhani ya sopo wake pamndandanda wa zokambirana msonkhano wa mwezi uno usanatsekedwe.