Mfundo Zofunika kwa Azisudzo pa Kusamala Chilengedwe

Sewero likatha anthu amaomba m'manja n'kumapita, koma matabwa, nsalu ndi penti zimene zinakongoletsa siteji zimatsala. Zambiri mwa izo zimakathera kudzala.

1. Zinyalala zimayambira pokonza pulani. Buku la Theatre Green Book, limene linatuluka ku Britain mu 2021, limati theka la zipangizo za pasiteji zikhale zoti zinagwirapo kale ntchito, ndipo sewero likatha, 65 mwa 100 zilizonse zikagwirenso ntchito kwina. Umenewu ndi muyezo wongoyambira, ndipo National Theatre ya ku London inavomera kuutsatira. Pa pulani ndi pamene pagona nkhani yonse. Mmisiri akamata matabwa ndi guluu m'malo mowamanga ndi masikuluu, ndiye kuti wawataya kale sewero lisanayambe n'komwe, chifukwa pomasula adzangowaphwanya. Musanagule chinthu, dziwani kumene chidzapite mukathana nacho.

2. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ku New York, bungwe la Broadway Green Alliance litakhazikitsidwa mu 2008, mababu oposa 100,000 akunja kwa nyumba za zisudzo anasinthidwa n'kuikapo osadya magetsi ambiri. A sewero la Wicked anayamba kugwiritsa ntchito mabatire otchaja m'mamaikolofoni awo.

3. Nkhani ingathe kuyenda popanda katundu. Katie Mitchell anakonza sewero la A Play for the Living in a Time of Extinction kuti magetsi ake azichokera kwa anthu opalasa njinga pasiteji pompo. Mu 2023 linaonetsedwa kunyumba ya zisudzo ya Barbican, ndipo popita kumizinda ina sananyamule anthu kapena zipangizo. Kulikonse linkaseweredwa ndi anthu akomweko. Ine njirayi imandikhudza mtima, chifukwa imalemekezanso luso la eni dera.

4. Wopereka ndalama asamangoonerera. Kuyambira mu 2012, Arts Council England imafuna kuti mabungwe amene imawathandiza chaka ndi chaka azinena magetsi, madzi ndi zinyalala zawo, mothandizidwa ndi bungwe la Julie's Bicycle.

5. Owonera nawonso ali ndi mbali yawo. Utsi wa magalimoto a anthu obwera kudzaonera ndi gawo lalikulu la mpweya woipa wa zisudzo. Okonza sewero, liziyamba nthawi yoti anthu akapezebe basi pobwerera. Inunso owonera, ngati n'kotheka, kwerani galimoto imodzi ndi anzanu.