Nkhope ya Labani

Buku la Genesis, mutu 31, limasimba za Yakobe amene adaweta ziweto za amalume ake a Labani kwa zaka 20. Malipiro adamusinthira kakhumi, iye nkumapirira. Tsiku lina adaona kuti nkhope ya Labani siinalinso ngati kale. Labani sadamunyoze, sadamukalipire. Komabe Mulungu atamuuza kuti abwerere kwawo, Yakobe adachoka osatsazika.

Kodi munthu angachimwire wantchito wake osatsegula pakamwa?

Ambiri angayankhe kuti ayi, bola malipiro akuperekedwa mwezi ukatha. Koma taonani zochitika kuno ku Liwonde. Mlonda wachezera usiku wonse, udzudzu wa mu Shire ukumudya; m'mawa watsegula geti, bwana nkudutsa magalasi a galimoto ali chitsekere. Mtsikana wa m'nyumba akufotokoza kuti mwana wake wagonekedwa kuchipatala, mayi maso ali pa foni. Ndalama ya waganyu yaponyedwa pa tebulo, pomwe iye adatambasula manja awiri monga adaleredwera. Palibe mawu oipa amene anenedwa, koma uthenga wafika: iwe suwerengedwa. Munthu wotere sasiya ntchito, poti ntchito ndi yosowa. Amangochotsapo mtima. Akaona mpopi ukudontha amangoupenya, bwana nkumadandaula kuti antchito a masiku ano ndi aulesi. Ena mwa mabwanawa, tinene zoona, amapatsana moni wa mtendere pa Misa ndi nkhope yowala.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, adaphunzitsa kuti ulemerero wa ntchito umachokera mwa munthu amene akuigwira. Ngati zili choncho, malipiro amalipira thukuta lokha. Moni ndi ngongole ina payokha.

Nzoona kuti nkhope imanamizanso. Bwana wokwinya tsinya mwina akudwala mutu kapena akuganiza za ngongole ya ku banki. M'maloji ozungulira Liwonde National Park, mlendo wa ku Ulaya angayese kuti woperekera zakudya woyang'ana pansi akubisa kanthu, chonsecho kwathu kumeneko ndiye kulemekeza wamkulu. Wantchito nayenso asathamangire kuweruza. Komabe udindo waukulu uli kwa mwini mphamvu, chifukwa wamng'ono sangafunse kuti, "Bwana, mwakwiyira chiyani?" Amangoganizira, ndipo kawirikawiri amaganizira zoopsa.

Wamkulu ndiye angathe kufunsa. Nehemiya anali woperekera vinyo kwa mfumu ya ku Perisiya. Tsiku lina adalowa ndi nkhope yakugwa, mfumu nkuzindikira, niimufunsa chavuta. Nehemiya adachita mantha kwambiri, koma adafotokoza za Yerusalemu, mzinda wa makolo ake umene unali bwinja. Adatuluka ndi chilolezo, makalata a paulendo ndi a mitengo yomangira. Linga la Yerusalemu lidatha m'masiku 52.