Chizolowezi cha Wosewera Mpira ndi Funso la Ufulu Wosankha

Kufufuza chizolowezi cha timu yomwe mukukumana nayo kunayamba kale, makompyuta asanabwere. Mphunzitsi ankakhala pakati pa ochemerera ndi kope m'manja, kulemba mbali imene adani amakonda kudzera, wosewera amene amaponya makona, ndi phazi limene womwetsa zigoli wawo amadalira. Lero ntchitoyi yalowa m'mapulogalamu a kompyuta amene amadula vidiyo ya masewero m'zidutswa, kuzisanja ndi kuziwerenga. Akale amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma mapulogalamuwa amayendera maganizo otsutsana ndi mwambiwu: akuti chakudza chimamveka ndithu kwa amene wasunga bwino mbiri ya zomwe zinapita.

Luso limeneli linakula kwambiri mu mpira wa ku America, umene osewera ake amavala zipewa zolimba ndi kunyamula mpira m'manja. M'masewerowa timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpirawo mayadi 10, ndipo mpata uliwonse ukatha masewero amaima. Kuimaimako kumapangitsa kuti mpata uliwonse ulembedwe pawokha: unali wachingati, panatsala mayadi angati, osewera anafola bwanji, anathamanga nawo mpira kapena anauponya, analowera kumanja kapena kumanzere. Mipata mazanamazana ikasonkhanitsidwa, chizolowezi cha timu chimaonekera poyera. Kampani ya Hudl, yomwe inayamba mu 2006 ku Lincoln m'dera la Nebraska, inakulira pa ntchito imeneyi, ndipo mu 2019 inagula Wyscout ya ku Italy, imene imasunga mavidiyo a mpira wa miyendo.

Ku Blantyre mpira wa ku America suseweredwa, koma nkhani yake ndi yomweyi. Bullets, timu ya Maule yomwe mizu yake ili ku Ndirande, ndi Wanderers ya Manoma a pa Lali Lubani zimakumana kawiri pachaka mu ligi, kupatula m'zikho, nthawi zambiri pa bwalo la Kamuzu. Matimu awiriwa amadziwana mpaka mumtima. Masewero ambiri tsopano amaonetsedwa pa kanema ndi pa Facebook, choncho ngakhale timu yosowa ndalama ya ku Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri ikhoza kuonera mdani wake pa foni, kubwezera pomwe yafuna, ndi kuwerenga kuti zigoli zake zambiri zimachokera kuti. Kusiyana kwa kope, foni ndi pulogalamu yodula kuli pa liwiro ndi kuchuluka kwa zosungidwa basi. Zonse zimatsamira pa chikhulupiriro chimodzi, chakuti munthu adzachita mawa zimene anachita dzulo.

Chikhulupiriro chimenechi chimadzutsa funso lakale la anthu oganiza mozama: ngati zochita za munthu zingadziwike iye asanazichite, kodi munthuyo amasankha, kapena amangotsata njira yolembedwa kale? Mu 1814 katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, anaphunzitsa kuti nzeru yodziwa malo ndi mayendedwe a chinthu chilichonse ikhoza kuwerengera tsogolo lonse popanda kuphonya. Pa maganizo amenewa, wosewera amene waima pa penate sasankha kanthu. Minofu yake, maphunziro ake ndi mantha ake zinasankha kale, ndipo kulephera kwa pulogalamu kumangochokera pa kuchepa kwa zomwe yapatsidwa.

Achipembedzo anakumana ndi vutoli kale kwambiri, chifukwa amavomereza kuti Mulungu amadziwa zonse zisanachitike. Augustine wa ku Hippo anayankha kuti kudziwa si kukakamiza: munthu akakumbukira zomwe zinachitika, kukumbukirako sikuti ndiko kunazichititsa, ndipo kudziwiratu nakonso sikuchititsa zam'tsogolo. Boethius, amene anaphedwa cha m'ma 524, anawonjezera kuti Mulungu sali m'kati mwa nthawi, kotero amaona dzulo, lero ndi mawa pamodzi. John Calvin, yemwe chiphunzitso chake chinafika ku Blantyre ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, anatsindika za kukonzeratu kwa Mulungu koma sanachotse udindo wa munthu pa zochita zake. Asilamu nawonso amakhulupirira kuti zonse zili m'chikonzero cha Mulungu, komabe amaphunzitsa kuti aliyense adzayankha pa ntchito zake. Mfundo ya Augustine imakwanira bwino pa mpira. Goloboyi akadziwa kuti woponya amakonda kumanja, kudziwako sikukankha phazi la woponyayo. Komanso nzeru ya pulogalamu ndi yochepa kwambiri poiyerekeza ndi imene azaumulungu amakamba, pakuti siona tsogolo. Imangowerenga zakale ndi kunena kuti mwa maulendo khumi, chakuti chinachitika kangati.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa munthu ndi mwala wogubuduka. Mwala sungamve zomwe zaloseredwa za iwo n'kusintha njira, koma wosewera amamva. N'chifukwa chake aphunzitsi a ku America amafufuzanso timu yawo yomwe, kuti aone zomwe adani akuona, kenako amachita dala zosemphana nazo pa mpata wofunika. Odziwa bawo pa msika wa Ndirande amachita chimodzimodzi: mnzake akazolowera kuti amayambira dzenje lakuti, tsiku lina amayambira pena. Mu 1928 John von Neumann anasonyeza ndi masamu kuti pa mpikisano wa anthu awiri, njira yabwino nthawi zambiri ndi kusakaniza zosankha mosadziwika. Mu 2003 Ignacio Palacios-Huerta anafufuza mapenate 1,417 a akatswiri ndipo anapeza kuti oponya ndi magoloboyi amasakaniza mbali pafupifupi monga masamuwo amanenera. Choncho ulosi ukafika m'makutu mwa amene akuloseredwa, umayamba kudzigwetsa wokha.

Nthawi zina kungoganiziridwa kuti wadziwika kumakwanira kusokoneza munthu. Pa World Cup ya 2006, goloboyi wa Germany, Jens Lehmann, anali ndi kapepala m'sokosi kosonyeza mbali imene osewera a Argentina amakonda. Anagwira mapenate a Roberto Ayala ndi Esteban Cambiasso, ngakhale dzina la Cambiasso silinali pa kapepalako. Lehmann anakayang'ana ndithu Cambiasso akuona.

Izi sizitanthauza kuti chizolowezi ndi mdani wa ufulu. Aristotle anaphunzitsa kuti khalidwe la munthu limaumbika pobwerezabwereza zochita, ndipo mpira umatsimikiza zimenezi. Mwana amene wakula akusewera chikulunga m'fumbi la ku Zingwangwa amafika poimitsa mpira osaganizira phazi lake, ndipo maso ake amamasuka kuona bwalo lonse. Chigoli cha Gabadinho Mhango pa 25 January 2022 ku Yaoundé, pamene Malawi inkasewera ndi Morocco, chinafuna zonse ziwiri: phazi lozolowera kuponya patali, ndi kulimba mtima kosankha kuponya pamalo pomwe ambiri akanapatsira mnzawo, ataona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, watuluka pagolo. Ufulu wa wosewera sukhala pa kusowa chizolowezi, koma pa kuchidziwa ndi kutha kuchisiya ikafika nthawi.

Funso lotsala ndi la chilungamo: kodi ndi chidziwitso chiti chimene timu ili ndi ufulu wochifuna? Mu 2007 timu ya mpira wa ku America ya New England Patriots inagwidwa ikujambula zizindikiro za aphunzitsi a New York Jets kuchokera pamalo oletsedwa, ndipo mphunzitsi wake Bill Belichick analipitsidwa madola 500,000. Mu 2019 Leeds United inalipitsidwa mapaundi 200,000 mphunzitsi wake Marcelo Bielsa atatuma munthu kukazonda zokonzekera za Derby County. Mu 2024 timu ya amayi ya Canada inalandidwa mapointi 6 pa Olympics ya ku Paris chifukwa chozonda New Zealand ndi kandege kojambula. Zilango zitatuzi zimaloza malire amodzi. Zimene timu yachita pamaso pa anthu ndi za aliyense, ndipo wozifufuza amangopikisana ndi nzeru za mnzake, amene angathe kusintha. Zimene timu ikukonza mseri ndizo chosankha chake chatsopano, njira yomwe ikufuna kuthyolera chizolowezi chake. Wozonda zimenezi amalanda mnzake mwayi wosankha, ndipo mpikisano wopanda mwayi umenewu sukhalanso mpikisano wa anthu awiri ofanana.