Kodi Ola Loonjezedwa Ndi La Yani?

M'mwezi wa December dzuwa licedwa kulowa. Ku Chipata usana ufika pafupi maola 13, pamene mu June ungoposa pang'ono maola 11. Mlengi aonjeza nthawi iyi pa nyengo yomweyo imene cimanga cifuna kupalira, ndi nkhokwe ziyamba kupepuka.

Munthu wanzeru sataya ola limeneli pamowa. Asankha cinthu cimodzi, napangana ndi mtima wace: kutsiriza kupalira udzu usanakule, kapena kuphunzira kuwerenga Buku Lopatulika kusanade. Colinga cotere ncabwino ndithu.

Koma funso latsala. Kodi iye amene atsiriza munda wace, pamene munda wa mkazi wamasiye wa pafupi naye uli kumira m'udzu, wapindula nalo tsikulo? Iai. Ola limeneli sanaligula, analandira kwaulere. Tsono sayenera kuliumira. Dzuwa lomwelo liwalira minda yonse iwiri.

Cifukwa cace mwini khasu ayambe m'mamawa m'munda mwace, ndipo madzulo aolokere kwa mnansi wace. Pakuti pofika June masiku adzafupikanso, ndipo nkhokwe ziwirizo zidzamcitira umboni.